Kodi chakudya cha ku pantry chimachokera kuti?

Nambewe wa ku Bolton:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso, ndipo amene akudziwa andiyankhe mosabisa. Mwezi uno kuntchito kuno ku UK atidulira maola, sabata yathayi ndinagwira mashifiti awiri okha. Ndikachotsa ya lendi ndi ya magetsi, yotsalayo siingatifikitse kumapeto kwa mwezi ine ndi ana awiri. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene timasamalira naye okalamba wandiuza kuti kutchalitchi china cha kufupi ndi kwathu kuli pantry, umalipira kangachepe n'kutenga chakudya cha sabata. Ndafika pakhomo pake kawiri koma ndabwerera osalowa. Chikundiimitsa n'chakuti sindikudziwa kumene chakudyacho chimachokera. Ngati n'cha boma ndiye kuti ndalakwa, chifukwa viza yanga siilola kulandira thandizo la boma. Winanso anandiuza kuti ndi zakudya zotha masiku zimene masitolo akanataya. Ndingapatse ana anga zimenezo?

Mayi Gondwe:
Mwana wanga Nambewe, wachita bwino kufunsa. Ine ndathandiza pa pantry ya kutchalitchi kwathu kuno ku Stockport zaka zinayi tsopano, Lachitatu ndi Lachinayi lililonse, ndiye ndikuuza zimene ndimaona ndi maso angawa.

Choyamba, chotsa nkhawa ya viza. Chakudyachi si cha boma. Pantry ndi food bank, malo aja ogawira chakudya ulere kwa osowa, zimayendetsedwa ndi matchalitchi, mizikiti ndi mabungwe achifundo, ndipo chakudya chawo sichili m'gulu la thandizo limene viza yako ikuletsa. Ukafuna mtima ukhale m'malo, kafunse ku bungwe la uphungu la Citizens Advice, salipiritsa.

Tsono kumene chimachokera. Kwathu Lachitatu m'mawa kumabwera vani kuchokera ku nkhokwe ya FareShare ya ku Manchester. Bungwe limeneli linayamba mu 1994, ntchito yake ndi kutolera chakudya chotsala kumafakitale, kuminda ndi kumasitolo akuluakulu, n'kumagawira timagulu ngati ife. Sitilandira ulere weniweni, timalipira ndalama ya umembala yothandizira mafuta a galimoto ndi mafiliji awo. Zimene zili m'vanimo sitizidziwa mpaka chitseko chitatsegulidwa. Sabata ina ndi nkhuku, yogati ndi kaloti. Sabata ina ndi makatoni a tchizi okhaokha. Tsiku lina tinalandira makileti asanu ndi atatu a mabilinganya, anthu a kuno ambiri osadziwa kaphikidwe kake, mpaka ndinaima pakhomo n'kumafotokozera aliyense kuti adule, akazinge ndi anyezi ndi matimati. Anatha onse.

Gwero lachiwiri ndi anthu wamba. Mabasiketi aja umawaona potuluka mu supamaketi, munthu akagula zake amaponyamo chitini chimodzi kapena paketi ya mpunga. Gwero lachitatu ndi masitolo a m'dera lathu amene amatiitana madzulo kukatenga buledi ndi zipatso zimene sizinagulidwe. Gwero lachinayi ndi ndalama, timakagula tokha zimene zikusowa.

Nambewe wa ku Bolton:
Zikomo kwambiri amayi, mwandimasula. Nanga za masiku otha zija?

Chikondi M.:
Asisi, apa ndiyankhe ine chifukwa ndimagwira ntchito kukhitchini ya sukulu ndipo tinaphunzitsidwa. Pa mapaketi a kuno pamalembedwa madeti a mitundu iwiri. Pakalembedwa use by, tsikulo likadutsa chakudyacho chikhoza kudwalitsa. Zimenezi ndi nyama, nsomba, mkaka wa mufiliji. Lamulo sililola kugulitsa kapena kugawa tsikulo litapita. Pakalembedwa best before, ndiye kuti likadutsa tsikulo kakomedwe kakhoza kutsika pang'ono koma sichiopsa. Mabisiketi, pasta, zam'zitini, mpunga. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi n'kumataya chakudya chabwinobwino.

Mayi Gondwe:
Chikondi wanena zoona. Ife chitini chilichonse chikafika timachitembenuza, kuona deti, n'kulemba mwezi ndi chaka pamwamba ndi cholembera chakuda kuti zoyamba kutha ziyambe kutuluka. Chitini chotupa kapena chochita dzimbiri timataya. Nyama ikabwera itatsala tsiku limodzi imalowa mu fiiza nthawi yomweyo, ndipo timalemba m'buku kuzizira kwa mafiliji m'mawa ndi madzulo. A khansolo oona za ukhondo amabwera kudzayendera ngati mmene amayendera lesitilanti. Zimene zili pa mashelefu athu ndimadya inenso, ndi adzukulu anga amadya.

Achimwene Mbewe:
Ndionjezereko mbali imene ambiri saiona. Ine ndimayendetsa forklift usiku pa nkhokwe yaikulu yotumiza katundu kumasitolo. Anthu amaganiza kuti chakudya chotsala chimachokera m'mashelefu a sitolo, koma chochuluka chimakanika chisanafike n'komwe kusitolo. Paleti yathunthu ya phala la ana inabwezedwa chifukwa makina anadinda chizindikiro mopendekeka. M'kati mwake mulibe vuto lililonse. Januwale akafika, chilichonse chimene chili m'pepala la Khirisimasi palibe sitolo ikuchifuna, ngakhale deti lake lili kutali. Nthawi ina anaitanitsa nyama yootcha yambiri poyembekezera kuti kumapeto kwa sabata kutentha, ndiye kunagwa mvula masiku atatu. Yonseyo inatsala m'manja mwathu.

Kale zoterezi zinkapita kukapanga chakudya cha ziweto kapena kumakina opangira magetsi kuchokera ku zinyalala. Mpaka pano zina zimapitabe kumeneko, chifukwa kutumiza ku bungwe lachifundo kumafuna lole, dalaivala ndi wina wolemba mapepala. Usiku umene ndimaona lole ya achifundo itaima pa geti, ndimakweza mapaleti amenewo mtima uli mbee. Ndinakulira ku Nsanje, chaka cha njala cha 2002 ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sinditha kuona chakudya chikutayidwa osamva kanthu m'mimba.

Yamikani wa ku Sheffield:
Akuluakulu mundikhululukire, ine ndili ndi maganizo ena. Sindikunyoza ntchito ya amayi Gondwe, koma taonani bwino nkhani ya mabasiketi. Ine ndalowa musitolo, ndagula chitini cha nyemba pa mtengo wake wonse, sitolo yapeza phindu. Ndachiponya m'basiketi yawo. Mawa akujambulitsa chithunzi kuti athandiza osauka. Ndani wathandiza pamenepa, ine kapena iwo? Ndipo zotsala zimene amapereka, akanazitaya akanalipira ndalama. Ena mwa antchito awo omwe amalandira malipiro osakwanira mpaka amapezeka pa mzere wa food bank. Zimenezi zimandiwawa.

Chikondi M.:
Yamikani, koma a supamaketi ya Tesco pa chopereka chawo chachikulu cha nyengo yozizira, chimene amachita ndi FareShare ndi bungwe la ma food bank la Trussell, mu 2022 anaonjezera ndalama yokwana 20 pa 100 ya mtengo wa zimene makasitomala apereka. Si kuti amangoima n'kumaonerera.

Yamikani wa ku Sheffield:
Ndikudziwa asisi, ndipo kuonjezerako n'kwabwino. Komabe gawo lalikulu latuluka m'thumba la munthu wamba.

Mayi Gondwe:
Yamikani mwana wanga, sindikutsutsa zonse. Zina wanenazo ndi zimene ifenso timadandaula pa misonkhano yathu. Ndikuuze zimene zinandichitikira chaka chatha. Sitolo ina inatiimbira kuti tibwere madzulo kuli katundu wambiri. Ndinapita ndi galimoto yanga cha m'ma 9 koloko usiku, kukuzizira. Ndinapeza malofu a buledi oposa makumi anayi ndi matumba a saladi amene deti lake linali la tsiku lomwelo, masamba ena atayamba kale kuchita madzi. Pantry yathu imatsegula mawa lake masana. Buledi tinamuika mu fiiza, koma saladi yense anathera m'bini, ndipo bini la tchalitchi timalipira tokha kuti adzatenge. Usiku umenewo ndinalira m'galimoto, chifukwa ndinaona kuti tasanduka dzala la anthu ena. Tinakambirana nawo, tsopano timakana zimene sitingathe kugawa. Poyamba tinkaopa kukana, tinkati akadzatisiya nanga.

Koma pa zakuti gawo lalikulu limatuluka m'thumba la munthu wamba, ine pamenepo ndi pamene ndimapezapo mphamvu. Pali bambo wina wachikulire, mzungu, amayenda ndi ndodo. Lachinayi lililonse amabwera ndi kathumba, m'katimo zitini ziwiri za nsomba ndi paketi imodzi ya tiyi. Jekete lake ndi lomwelomwelo chaka chonse, chigongono chinachita kusokedwa. Safuna kulembedwa dzina, safuna ngakhale kukhala pansi. Tsiku lina anandiuza kuti mayi ake ankagona ndi njala kuti iye adye, ali mwana. Anangonena zomwezo n'kutuluka. Ndikamaika nsomba zakezo pa shelefu ndimazigwira ndi manja awiri.

Bambo Nkhoma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinabwera kuno mu 2004, ndipo chaka choyamba ndinadabwa mwana wanga atabwera kusukulu ndi kalata yoti abweretse zitini za Harvest Festival. Nditapita kukaona, ndinati awa ndi masika athu aja. Kwathu ku Dowa tikakolola, aliyense amasenza kupita nazo kutchalitchi, wina dengu la chimanga, wina mtedza, wina nkhuku, wina dzungu limodzi. Kuno amachita m'mwezi wa Sepitembala kapena Okutobala, kusiyana kwake n'kwakuti ana ambiri sanaonepo munda, ndiye masika awo amakagula kusitolo. Amayi Gondwe anditsimikizire, koma ndikuona ngati nthawi imeneyo ndi imene mashelefu amadzaza.

Mayi Gondwe:
Ndi momwemo bambo. Kuyambira masika a sukulu mpaka Khirisimasi, malo amatichepera, makatoni mpaka pansi pa mabenchi. Timayeza chilichonse pa sikelo n'kulemba makilogalamu a sukulu iliyonse kuti tikawathokoze. Koma anthu amaiwala kuti njala siitha ndi Khirisimasi. Ikafika Meyi, Juni, Julayi, zopereka zimatsika, pamene ana atsala pang'ono kutsekera sukulu kwa masabata asanu ndi limodzi, osalandira chakudya cha masana cha kusukulu. Nthawi imene makolo akufuna zambiri ndi imene ife tili ndi zochepa.

Vuto lina, anthu amapereka zimene iwo akuganiza, osati zimene zikusowa. Nyemba za m'zitini ndi pasta tili nazo zoti tingamange nazo khoma. Koma mafuta ophikira, mkaka wokhalitsa uja wa m'makatoni, shuga, khofi, nyama ya m'chitini, sopo, matewera a ana, zovala amayi akakhala kumwezi, zimenezi zimatha tsiku lomwelo.

Tiyamike wa ku Area 25:
Ine ndili ku Lilongwe, ndinalowa gululi chifukwa cha achemwali anga. Ndikuwerenga ndikudabwa. Zoona ku UK anthu amasowa chakudya? Kuno timaona ngati mukatsika ndege mavuto atha.

Yamikani wa ku Sheffield:
Zoona zenizeni Tiyamike. Bungwe la Trussell lokha, limene lili ndi ma food bank ambiri kuno, linagawa maphukusi a chakudya oposa 3.1 miliyoni kuyambira Epulo 2023 mpaka Malichi 2024, ndipo oposa miliyoni imodzi anali a ana. Food bank yawo yoyamba inatsegulidwa ku Salisbury m'chaka cha 2000, imodzi yokha. Pamenepo sitinawerenge a paokha ngati a amayi Gondwe. Kuno chakudya m'masitolo n'chodzaza, chosowa ndi ndalama. Palibe munda woti uthawireko, palibe kwa agogo koti ukatapeko ufa. Munthu akataya ntchito n'kulembetsa Universal Credit, thandizo la ndalama la boma, amadikira pafupifupi masabata asanu asanalandire ndalama yoyamba, ndipo ambiri a ife obwera sitiloledwa n'komwe kulembetsa.

Tiyamike wa ku Area 25:
Ndiye achemwali anga akamati mwezi uno zavuta ndizimvetsa. Ndinkaona ngati akungondimana.

A Kumwenda:
Ndiyankhulepo za ndalama, poti ndine msungichuma wa food bank ina yaing'ono ku Leeds. Zimene anthu sadziwa n'zakuti masiku ano chakudya chambiri timachita kugula. Pamene ndinkayamba, zopereka zinkakwanira, ndalama inkangopita ku magetsi ndi inshuwalansi. Mitengo itakwera mu 2022 ndi 2023, pamene mtengo wa chakudya unakwera kupitirira 19 pa 100 m'chaka chimodzi pofika Malichi 2023, zinthu ziwiri zinachitika nthawi imodzi. Obwera kudzapempha anachuluka, opereka anachepa. Ena amene ankatibweretsera matumba ndi omwe anayamba kubwera ndi chikalata chodzalandirira.

Ndiye Lolemba lililonse ine ndi mnzanga timapita ku holoselo ndi mndandanda. Ndalamayo imachokera kwa anthu amene amatumiza £5 kapena £10 mwezi uliwonse kudzera kubanki, ku mbale ya tchalitchi, ku kampani zina za m'dera, ndi ku mathandizo amene timalembera makalata ataliatali kupempha. Pa Ramadan a kumzikiti wa pafupi amatibweretsera mpunga ndi mafuta zochuluka, ndiponso a Sikh a ku gurdwara, kachisi wawo, satiiwala. Yamikani, ukafuna kuti thandizo lako lisadutsire pa phindu la supamaketi, pereka ndalama mwachindunji. Ife £10 timagula nayo zambiri kuposa iwe, ndipo timagula chimene chikusowadi sabata imeneyo.

Yamikani wa ku Sheffield:
Zimenezo ndiye zandigwira mtima a Kumwenda. Ndine mwana wa sukulu, zambiri ndilibe, koma £5 pa mwezi ndikhoza.

Nambewe wa ku Bolton:
Pepani ndifunsenso. A Kumwenda akuti chikalata, pomwe mnzanga anati umangolipira pakhomo. Zoona ndi ziti?

Mayi Gondwe:
Zonse n'zoona, kungoti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Food bank ngati za Trussell ndi za pa ngozi. Umatumizidwa ndi a Citizens Advice, a kusukulu ya ana, adokotala kapena ena otero, ndipo umalandira ulere phukusi lokwana masiku osachepera atatu, zambiri zam'zitini ndi zouma. Pantry ili ngati kagolosale ka mamembala. Njira imeneyi inayambira kuno ku Stockport mu 2013, ndipo bungwe la Church Action on Poverty linathandiza kuifalitsa m'dziko lonse pa dzina lakuti Your Local Pantry. Umalembetsa, umalipira pang'ono sabata iliyonse, kwathu ndi £5, umatenga basiketi n'kusankha wekha zinthu khumi, masamba ndi buledi n'zoonjezera. Ndalama yakoyo ndi imene imalipira vani ya Lachitatu ija ndi kugula mazira ndi mkaka. Ndiye ukafunsa kuti chakudya chimachokera kuti, yankho lina ndi lakuti chimachokera kwa mamembala omwewo. Zili ngati chipereganyu. £5 yako yalowa mu mphika umene mayi wina adyako, yakenso yalowa mu umene udye iwe.

Nasibeko:
Ine ndionjezere gwero limodzi limene palibe walitchula. Ndili ndi kamunda ka lendi, aja amati allotment, kuseri kwa njanji. Ndimalima repu, anyezi, mbatata ya kachewere ndi maungu, makamaka chifukwa cha nkhwani. Mu Ogasiti aliyense pamenepo zimamuchulukira, ndiye tinaika bokosi pa geti, Lachiwiri mayi wina amalinyamula kupita nalo ku pantry. Chaka chatha ndinapitanso ndi gulu la anthu ongodzipereka kumunda wina waukulu ku Lancashire. Mlimi anali atasiya kabichi wambirimbiri chifukwa mitu inali yaing'ono kuposa imene ogula ake amafuna. Tinadula tsiku lonse, matope mpaka m'maondo. Ndinawauza anzangawo kuti kwathu zimenezi timati kukunkha, ndipo agogo anga sankaletsa munthu kulowa m'munda mwawo akatha kukolola. Anandipempha kuti ndiwalembere liwulo papepala.

Bambo Nkhoma:
Nasibeko, nkhwaniyo inapita ku pantry kapena munadya nokha?

Nasibeko:
Ndinaika mitolo iwiri bambo, koma anandiuza kuti anthu sankaidziwa, mpaka mayi wina wa ku Congo ataiona anafuula ndi chimwemwe n'kutenga yonse. Kuyambira pamenepo ndimamuikira wake padera.

Nambewe wa ku Bolton:
Zimenezi zandikumbutsa. Amayi Gondwe, ufa umapezekako? Ana anga akadya pasta masiku awiri amayamba kufunsa nsima.

Mayi Gondwe:
Apo ndiye wakhudza pa bala. Pa zaka zinayi, ufa wa nsima sunatsikepo m'vani ngakhale kamodzi. Pantry imakhala ndi zimene mafakitale a kuno atsala nazo ndi zimene anthu a kuno aganiza kupereka. Koma pa mzere pathu tsopano pali a ku Zimbabwe, a ku Zambia, a ku Kenya, a ku Nigeria, ambiri a iwo osamalira okalamba ngati iwe. Ndimawaona akuzungulira mashelefu, akunyamula chitini cha supu n'kuchibweza. Kawiri ndinagula ndekha thumba la makilogalamu khumi ku sitolo ya amwenye, n'kuligawa m'timatumba ta kilogalamu imodzi, n'kulembapo dzina ndi deti. Sipanathe ola limodzi.

Achimwene Mbewe:
Ndiye tikudikira chiyani? Pagulu pano tilipo anthu opitirira zana. Zikondwerero za 6 Julayi timasonkha bwinobwino za nyama ndi zakumwa. Sitingasonkhe za ufa ndi nyemba zouma? Ine galimoto ndili nayo, Loweruka masana ndimakhala ndapuma.

A Kumwenda:
Ndikugwirizana nazo, koma tichite mwadongosolo. Tiyambe tafunsa pantry iliyonse ngati ili ndi malo ouma osungira, chifukwa ufa ukakhala pachinyontho umaumbika. Tigule mapaketi aang'ono otsekedwa kufakitale, a kilogalamu imodzi kapena ziwiri, chifukwa malo ena salola kugawa zotsegula. Ndipo ndalama zisadutsire mu akaunti ya munthu mmodzi popanda wachiwiri woona. Ndikhoza kulemba ndondomeko usiku uno.

Chikondi M.:
Ine ndiyamba ndi mapaketi anayi. Ndilandira Lachisanu.

Bambo Nkhoma:
Ndilembeni asanu, ndi nyemba. Ndikalankhulanso ndi anzathu a kumapemphero Lamulungu.

Nambewe wa ku Bolton:
Ine mwezi uno sindingathe kusonkha, koma Lachinayi sindili pa shifiti. Ndipita ndikalembetse, ndipo ndikawafunsa ngati akufuna munthu wothandiza kutsitsa katundu. Amayi Gondwe, ndinyamule chiyani?

Mayi Gondwe:
Nyamula kalata iliyonse yoonetsa adilesi yako, poti ma pantry ambiri amalembetsa anthu a m'dera lawo, ndi ndalama ya sabata yoyamba. Tenganso zikwama ziwiri zolimba, chimodzi cha za mufiliji. Ufike msanga, zamasamba zimayamba kutha. Ukapeza kuti malo adzaza ndipo akuika pa mndandanda wodikira, usabwerere chimanjamanja, uwauze kuti uli ndi ana awiri ndipo chakudya chatha, akuuza kumene ungapeze phukusi tsiku lomwelo. Ukatuluka undilembere ku inbox undiuze zimene zinali m'vani mwawo sabata ino.